Mpata wa Lachisanu Masana

Mtembo unapezeka Lachitatu, nthawi ili 10:20 m'mawa, m'kanjira kodutsa m'mitengo ya paini kumtunda kwa damu la Mulunguzi. Anaupeza ndi mayi Mwanamvua, ogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba, amene anapatukira m'tchire kuti akadzithandize. Pamene Inspekitala Consolata Likongwe ankafika, mayiwo anali atakhala pa chitsa, manja ali kunkhongo, beseni la mabulosi litatayikira pansi.

Consolata anali atafufuza milandu kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo mawondo ake ankadana ndi phiri limeneli kuposa chilichonse. Anagwada chomwecho, akubuula. Malemuyo anagona chafufumimba, atavala zothamangira, bala lalikulu lili kunkhongo. Pambali pake panali chikuni cha paini chamagazi. Wotchi inali pamkono, makiyi a galimoto m'thumba, koma foni kunalibe.

"Wakuba sasiya wotchi ngati iyi," anatero Consolata kwa Sajeni Benson, mnzake wa pantchito. Kenaka anatembenukira kwa mayi aja. "Mukuwadziwa?"

"Ndi a Adil awa, mwana wa a Hassim a sitolo ya nsalu m'tauni. Lachitatu lililonse amaimika galimoto pa damu n'kumayenda wapansi. Pobwerera amandigula mabulosi, osanenerera n'komwe. Kalanga ine, munthu wabwinobwino!"

"Wina amene munamuona akukwera?"

"Kunali chifunga, mayi. Njinga zamoto zinadutsa zingapo. Imene ndinaiona bwino inanyamula mtsikana, chikwama chakuda kumsana."

Dokotala atayeza thupi anati Adil anamwalira pakati pa 8:30 ndi 9:30.

Cha m'ma 1 koloko Consolata anali kunyumba ya a Hassim, kuseri kwa sitolo. Mkazi wa malemu, Farzana, maso ali psuu, anawatsegulira laputopu ya mwamuna wake. Anafotokoza kuti Adil sankakhala m'sitolo. Ankayang'anira anthu khumi ndi awiri amene amagwira ntchito ali m'makomo mwawo: kumvetsera mawu ojambulidwa n'kumawatayipa, kutumiza ku kampani ina ya kunja.

"Nanga amadziwa bwanji kuti munthu akugwiradi ntchito, osati kugona?" anafunsa Benson.

"Muli pulogalamu m'kompyuta ya aliyense. Anyamata anaipatsa dzina loti Kapitawo. Imawerenga munthu akamagogoda mabatani ndi kusuntha mausi, ndipo mphindi khumi zilizonse imajambula zimene zili pa sikirini. Mukamagwira, mzere wanu umakhala wobiriwira. Mukangochokapo, umafiira."

Anayang'ana mizere ya m'mawa umenewo. Khumi ndi umodzi inali yobiriwira, ina yamawangamawanga. Umodzi wokha unali wofiira kuyambira 8:05 mpaka 11:40, ndipo unali wa Pempho Nambazo wa ku Chinamwali. Choonjezera, dzulo lake Adil anamuchenjeza pa gulu la ogwira ntchito kuti mzere wake ukuduka kawirikawiri, ndipo Pempho anayankha pamaso pa onse kuti: "Mwana akalira ndimusiye chifukwa cha Kapitawo wanuyo? Tionana."

Benson anamenya m'manja kamodzi. "Madamu, nkhani yatha iyi."

Pempho anamutenga 3 koloko masana. Mayi Mwanamvua atamuona anati ndi yemwe uja wa panjinga. Lamulo limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola makumi anayi ndi asanu ndi atatu, kutanthauza Lachisanu 3 koloko. Ndipo Consolata ankadziwa bwino kuti mlandu wakupha ukangolowa m'khoti, munthu amapita kundende kukadikira, ndipo kudikirako kumatha kudya miyezi, ngakhale zaka. Pempho anali ndi khanda la miyezi isanu ndi iwiri, dzina lake Peace, losadziwa chakudya china koma bere.

M'chipinda chofunsiramo mafunso, mtsikanayo sanalire. Anangokhala, bulauzi itanyowa mkaka pachifuwa.

"Kuphiri munakatani?" anafunsa Consolata.

"Magetsi anazima 8 koloko itangodutsa, ndipo batire ya laputopu yanga inafa kalekale. Ndinali nditachenjezedwa dzulo lake, ndiye ndinaopa. Ndinasiya mwana ndi amayi n'kukwera njinga kupita kwa azakhali anga ku nyumba za ogwira ntchito za nkhalango. Iwo ali ndi sola."

"Azakhaliwo angavomereze?"

"Ndinapeza loko pachitseko. Anapita kumaliro ku Songani. Ndinadikira pakhonde, kenaka n'kutsika."

"Anakuonani ndani pakhondepo?"

"Agalu okha."

"Nanga 'tionana' uja?"

"Unali mkwiyo, mayi. Inu simunayambe mwakwiyapo? Ndimatayipa mwana ali pamwendo. Ndikaima kuti ndimuyamwitse, chinthu chija chimafiira. Ndinawalankhula mwamwano a Adil, zoona, ndipo ndikuchita nazo manyazi. Koma kupha ayi."

Madzulo amenewo amayi ake a Pempho anabweretsa khandalo kuti liyamwe. Polichotsa pa bere nthawi itakwana, linalira mpaka wapolisi wa pakauntala anatulukira panja. Consolata anamva kulirako ali mu ofesi ndipo mtima unamuwawa. Iye anali atamangapo akazi opha anthu, sikuti ankaganiza kuti mayi woyamwitsa sangaphe. Koma chikuni chija chinali cholemera, ndipo bala linasonyeza kuti womenyayo anali wamtali kuposa Adil. Pempho ankalekeza m'phewa mwa Consolata.

Lachinayi linapita ngati madzi. M'mawa Consolata anathamangira kwa Masautso, wodula nkhuni amene mulu wake ndiwo unali pafupi ndi mtembo, ndipo anthu ankati anakanganapo ndi Adil pa nkhani ya galu. Koma nthawi yonse ija Masautso anali kutsidya lina la phiri, akukweza matabwa mu lole pamodzi ndi amuna asanu ndi mmodzi. Njira imeneyo inathera pompo. Masana banja la a Hassim linaika maliro, pakuti Asilamu sagoneka thupi masiku ambiri, ndipo anali atadandaula kale ndi kuchedwa kwa dokotala. Kenaka Consolata anaitana ogwira ntchito aja mmodzimmodzi.

Wachisanu ndi chinayi kulowa anali Tony Mpinganjira wa ku Sadzi, mnyamata wamtali, wa nsapato zosongoka ndi mafuta onunkhira mpaka kukhomo. Asanakhale n'komwe pansi, anatulutsa pepala m'thumba la jekete.

"Ndasindikiza mzere wanga wa dzulo, bwana, kuti ndisakutayitseni nthawi."

Unali wobiriwira kuyambira 7:30 mpaka 12:30, wosaduka ngakhale penapake.

"Ndinu olimbikira," anatero Consolata.

"Ndimayesetsa. A Adil ankanditcha nambala wani. Ine moyo wanga ndi ziwiri basi, ntchito ndi tchalitchi. Kwaya ya ku CCAP kwathu sindinajombepo Lamulungu ngakhale limodzi chaka chino, mukafunse. Loweruka lino ndili ndi chinkhoswe, koma ndi zachitikazi chimwemwe chonse chathawa." Anapukuta m'maso ndi kampango. "Pempho ndi mlongo wanga pantchito, koma mtima wake ndi wapachala. Ndinkamulangiza."

Consolata anayang'ananso pepalalo. Pa zaka zake zonse za ntchito, anthu obwera ndi umboni asanaufunsidwe sankamusangalatsa. Komabe kusasangalatsa si mlandu. Anafunsa ngati magetsi anazimanso ku Sadzi Lachitatu, anamuuza kuti kumeneko anayaka tsiku lonse. Pepala la Tony linali loona.

Lachisanu 8:30 m'mawa Consolata anaitanidwa ndi abwana ake. "Fayilo ya mtsikana uja ikhale yokonzeka pofika 2:30. Kompyuta yanena, mboni yanena. Mukufunanso chiyani, mayi Likongwe?"

"Ndipatseni mpaka masana, bwana."

Anabwerera kwa a Hassim. M'nyumba munali phee, azimayi atakhala pamphasa. Farzana anamulowetsa m'kachipinda kogwiriramo ntchito ka malemu, m'mene apongozi ake aamuna, a Hassim, anakhala pakona akuwerenga mikanda ya pemphero.

"Tonse tayang'ana tsiku limodzi lokha," anatero Consolata. "Ndionetseni miyezi itatu."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anakhala maola awiri, magalasi ali pamphuno, akutsata mizere ndi chala. Pang'onopang'ono anayamba kuwaona anthuwo m'mizere yawo, ngati mmene umadziwira wa m'nyumba mwako pomva mapazi ake. Wa Pempho unkaduka maola awiri alionse kwa mphindi khumi ndi zisanu: bere limenelo. Wa bambo wina unkafiira 11:30 tsiku lililonse la sukulu: kukatenga ana. Wina ankasowa Loweruka lonse, wa Sabata ameneyo. Kapitawo ankayesa kuti akuwerenga mabatani, chonsecho ankalemba moyo wa munthu.

Atafika pa mzere wa Tony chala chinaima. Lamulungu m'mawa, kuyambira 8 koloko mpaka 12, wobiriwira. Lamulungu linalo, chimodzimodzi. Masabata khumi ndi atatu onse.

"Benson, munthu angaimbe kwaya uku akutayipa?"

"Mwina ananama za kwaya, Madamu."

"Mwina. Taimbira foni mkulu wa mpingo kumeneko."

Benson anatuluka, ndipo pobwerako anali akukanda m'mutu. Tony sanajombepo, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo.

Consolata anatsitsa chala pa masiku a Lachisanu. Pamenepo mzere wosadukawo unkaduka. Kuyambira 12:05 mpaka 1:25, wofiira, Lachisanu lililonse, osaphonya. Anayang'ana mzere wa Adil mwini wake pamwamba pa tsamba: mpata womwewo, nthawi yomweyo.

"Mayi, amuna anu ankapita kuti Lachisanu masana?"

"Ku mzikiti," anayankha Farzana. Kenaka anagwira pakamwa. "Mulungu wanga! Lachisanu lapitali anabwera akuseka. Anati, 'Lero ndaswali moyandikana ndi Tony, koma wamera imvi.' Ine ndinati ndi nthabwala zawo zija, sindinafunse."

Consolata anatembenukira kwa bambo aja pakona. "Bambo Hassim, pepani kukusokonezani. Lachisanu lapitali mwana wanu anaima pafupi ndi ndani popemphera?"

Mkuluyo anaganiza pang'ono. "Ndi che Stambuli. Ankatayipa makalata m'maofesi a boma kale, asanapume. Titatuluka anacheza nawo nthawi yaitali pansi pa mtengo, ine mpaka ndinatopa kudikira m'galimoto."

Nthawi ili 1:20 Consolata anali ataima kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi mzikiti, akuyang'ana wotchi kawirikawiri. Amuna anayamba kutuluka, aliyense akufunafuna nsapato zake pakhomo. A Hassim analoza ndi mutu bambo wina woonda, wa ndevu zoyera ndi kofia yoluka. Consolata atangodzitchula dzina, bamboyo anatseka maso n'kupumira m'mwamba, ngati munthu amene watula mtolo.

"Ndapempha Mulungu m'katimu kuti andipatse mtima wobwera kwa inu," anatero che Stambuli. "Ndiye wakutumizani nokha."

Anafotokoza ali m'galimoto ya polisi. Iwo anatayipa zaka makumi atatu, zala zawo zinkadziwa mabatani popanda maso. Koma kampani ija inkafuna mayeso a pa intaneti ndi laputopu, zimene iwo analibe. Tony, mwana wa mnzawo wakale, anapambana mayesowo mothandizidwa, koma liwiro la ntchito linamukanika. Ndiye anawabweretsera laputopu kunyumba kwawo ku Matawale kuti azigwira m'dzina lake, iye n'kumawagawira kangachepe.

"Anandiuza kuti, 'Madala, chinthuchi chisafiire.' Ndinamvera. Tiyi ndinkamwera pomwepo, swala zina, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku, ndinkazichedwetsa mpaka ntchito ithe. Koma ya Lachisanu ayi. Imeneyo sindingaisiye chifukwa cha makina."

"Lachitatu m'mawa ankatayipa ndani?"

"Ine, kuyambira 7:30. Tony anabwera 1 koloko, thukuta lili kamukamu, manja akumata utomoni wa paini. Analanda laputopu n'kunena kuti, 'Simundidziwa, sindikudziwani.'"

"A Adil anakuuzani chiyani pansi pa mtengo paja?"

"Anati anazindikira ndi mpata wa Lachisanu, ndipo anaona pa chithunzi china cha sikirini kalata imene ndinkalembera komiti ya mzikiti, dzina langa lili pansi. Sanandikalipire. Anati ntchito iyenera kupita kwa mwini wake. Anati adzamuitana Tony kuphiri Lachitatu kuti akakambirane awiri, mnyamata asachite manyazi pagulu." Mkuluyo anaweramitsa mutu. "Nditamva kuti mwagwira mtsikana, ndinadzinamiza kuti apolisi akudziwa zimene akuchita. Ndinkaopa, mayi. Inenso ndinali m'chinyengo chomwecho. Masiku awiri chakudya sichikulowa."

Tony anamupeza ku Sadzi akuyesa suti ya chinkhoswe. Pofika 2:10 anali m'chipinda chija, akumwetulirabe. Consolata anaika laputopu patebulo ndi zomvera m'makutu pambali pake.

"A nambala wani, tithandizeni. Muli mawu a mphindi imodzi umu. Tatayipani tione mmene ntchitoyi imayendera."

Kumwetulira kuja kunazilala. Anavala zomverazo, n'kuyamba kujompha mabatani ndi zala ziwiri ngati nkhuku pa chimanga. Mphindi itatha anali atalemba mzere umodzi ndi theka.

"Ndasokonezeka ndi malirowa, bwana."

"N'zomveka. Lamulungu m'mawa mumakhala kuti?"

"Ku kwaya, ndanena kale."

"Kapitawo akuti mumakhala mukutayipa. Nanga Lachisanu masana mumapita kuti, kuyambira 12:05 mpaka 1:25?"

Tony anangoyang'ana mabatani aja. Aaa, zinali zomvetsa chisoni ndithu: munthu wosindikiza yekha pepala la umboni, osadziwa ngakhale nthawi imene mzere wake umapuma. Consolata anakodola Benson, chitseko chinatseguka, ndipo che Stambuli analowa n'kuima chilili, kofia ili m'manja.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Tony anayang'ana mkuluyo, n'kuyang'ana tebulo. Consolata anaponya diso pa wotchi ya pakhoma, koma nkhope yake sinasonyeze kanthu.

"Jekete imene munavala Lachitatu taipeza kuseri kwa wadirobu," anatero Consolata, motsitsa mawu. "Utomoni suchoka ndi sopo, achimwene. Ndipo si utomoni wokha umene uli pamkono wake."

Pamenepo mnyamatayo anagwetsa mutu patebulo.

"Sindinapite kukapha," anatero akusisima. "Ndinapita kukapepesa. Ndinawagwadira, bwana, pa dothi, ndi thalauza yanga yabwino. Ndinati dikirani chinkhoswe chidutse. Kwa a Clara, amene ndikufuna kukwatira, amandidziwa ngati munthu wa kampani ya kunja. Amalume ake anandilandira chifukwa cha zimenezo. Ku tchalitchi achinyamata amanditcha bwana. A Adil anati sangapitirize kunamiza kampani ngakhale tsiku limodzi, ndipo madala awa avutika mokwanira. Anati andithandiza kupeza ntchito ina, ngakhale ya m'sitolo mwa bambo awo. M'sitolo! Ine kumayeza nsalu ndi tepi, anthu onse a ku Sadzi akuona! Atatembenuka kuti azipita, ndinaona mulu wa nkhuni. Kamodzi kokha, bwana. Kamodzi."

"Foni yawo?"

"Ili m'damu. Munali mauthenga athu."

"Ndipo mutamva kuti tagwira Pempho, mayi wa khanda?"

Tony sanadzutse mutu. "Ndinati Kapitawo wandipulumutsa."

"Kapitawo ankalondera mabatani, osati inu," anatero Consolata akuimirira. "Benson, lemba zonse, asayine."

Anayenda m'khonde la polisi mofulumira kuposa mmene mawondo ake ankalolera. Abwana anawerenga pepalalo kawiri, n'kuvula magalasi, n'kusayina. Nthawi ili 2:50 loko wa chitolokosi anatseguka.

"Pempho, mwana wanga, tenga nsapato zako. Uzipita kwanu."

Mtsikanayo anamuyang'ana ngati sanamve. Kenaka anagwada pansi, ndipo amene sanagwetse msozi masiku awiri onse analira mokweza, atagwira siketi ya Consolata. Panja amayi ake anali pa benchi ndi khanda kumsana, atanyamula kale kachikwama ka zovala zoti mwana wawo apite nazo kundende. Atamva, anaponya kachikwamako pansi n'kuyamba kululuta pakhomo pa polisi, mpaka oyendetsa kabaza anaima mumsewu kuti aone.

Farzana anafika ndi apongozi ake patangopita mphindi zochepa. Anapita kwa Pempho n'kumuonetsa foni. Inali kalata imene anaipeza mu laputopu ya Adil, yolembedwa Lachiwiri madzulo koma yosatumizidwa. Inkapempha kampani zinthu ziwiri: kuti ntchito ya Tony ilembedwe m'dzina la che Stambuli, ndiponso kuti mayi woyamwitsa aziloledwa kuima popanda mzere wake kufiira.

"Anakumvani," anatero Farzana. "Ndaitumiza ine masana ano."

Pempho anawerenga, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anakhala pa benchi, n'kumasula Peace kumsana kwa agogo ake, n'kumuika pa bere. Khandalo linagwira ndi manja onse awiri.

Consolata anakhala pambali pawo, n'kuvula nsapato imodzi, kenaka inzake. Mtima wake unakhala pansi koyamba chichokere Lachitatu. Wotchi ya pakauntala inagunda 3 koloko, koma palibe anatembenuka. Mwanayo anayamwa mpaka kukhuta, n'kugona bere lili m'kamwa, ndipo panalibe wowerenga mphindi.